MULUNGU SATAYA MAKOMBO: MAWU KWA OFUNA KUGULITSA MASIPEYA A MALOLE

Uthenga wa lero ndi wautaliko pang'ono, ndiye pezani pokhala.

Mumpingo mwathu muli achinyamata atatu amene asonkherana ndalama kuti ayambe kugula malole akufa, ena ochita ngozi, ena ongotheratu, n'kumawaphwasula ndi kugulitsa masipeya. Nkhaniyi yautsa mapiri pachigwa. Ena akuti imeneyo ndi ntchito yonyozeka, mwana wa Mulungu sangamakhalire kununkha dizilo. Ena akuti galimoto imene inachita ngozi imakhala ndi mizimu, yosayenera kuigwira. Ine ndikuti ayambe. Ndaidalitsa ntchitoyi, koma dalitso langa lili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene ndikufuna tonse timve.

Choyamba, tiyeni tione boma lathuli. Nandolo, mpendadzuwa ndi mpunga zimene timalima kuyambira ku Migowi, Chiringa, Mulomba mpaka m'mbali mwa nyanja ya Chilwa sizipita zokha kumsika. Zimakwera Canter, Dyna ndi Isuzu, timalole ta matani awiri kapena atatu. Ambiri mwa malole amenewa anabwera kuchokera ku Japan atagwira kale ntchito, ndipo kuno akuyenda m'misewu ya fumbi ndi matope. Malole omwewa ndi amene amanyamula mchenga, njerwa, kwaya yathu popita kumsonkhano, komanso bokosi ndi anamfedwa tsiku la maliro.

Ndiye lole ikathyoka sipuling'i nthawi yokolola nandolo, mwini wake amayenda ulendo wa ku Limbe kapena ku Ndirande kukasaka chitsulo chimodzi. Masiku awiri atha, ndalama ya thiransipoti yapita, matumba a mlimi ali pakhomo. Chatsopano nacho sichigwirika mtengo. Mukukumbukira kuti Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera. Munthu amene angaike giyabokosi yabwino, dif, sitata kapena pampu ya dizilo pafupi ndi Migowi pompano akutumikira anthu ake. Zimenezo n'zonyozeka pati?

Werengani Yohane mutu 6. Yesu atadyetsa anthu 5,000 sanawasiye ophunzira kuti angonyamuka. Anawatuma kutolera zotsala, ndipo zinadzaza mitanga 12. Amene angathe kuchulukitsa mkate nthawi ina iliyonse anakana kuti makombo awonongeke! Lole imene yaphwanyika kutsogolo, kumbuyo kwake kumakhala kuli moyo. Dif ili bwino, masipuling'i ali bwino, marimu ali bwino. Lole imodzi yakufa imatha kudzutsa malole asanu amene ali pamiyala. Aleluya! Za mafuta m'manjazo, Paulo mtumwi ankasoka mahema ndi manja ake ku Korinto, ndipo kudzoza sikunamuchokere. Za mizimuzo, ngati mtima ukukayika tiitaneni tidzapemphere, kenako tengani sipanala muyambe ntchito. Chimene ndimaopa ine si chitsulo ayi, ndi mtima wa wogulitsa chitsulocho.

Tsopano malire aja ndi awa. Tamverani bwino.

MALIRE OYAMBA: CHAKUBA CHISALOWE PAMALO PANU. Bizinesi imeneyi ili ndi khomo lakumbuyo. Kudzabwera munthu usiku ndi batire, olotaneta kapena pampu m'thumba la feteleza, mtengo wake wozizira. Simudzafunsa kuti wachitenga kuti, poti yankho mukulidziwa kale. Pa Yoswa mutu 7, Akani anabisa katundu woletsedwa pansi m'hema mwake, ndipo Aisraeli anathawa pankhondo ya ku Ai chifukwa cha munthu mmodzi. Pampu imodzi yakuba idzatsekera atatu nonse m'chitokosi, dzina la mpingo n'kuipa nalo. Pogula lole, onani blue book, fananizani nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwamo, onani chitupa cha wogulitsa, lemberanani pamaso pa mboni. Mukakayika pitani kupolisi mukafunse musanapereke ndalama. Lembetsani bizinesi yanu, tengani laisensi kukhonsolo, ndipo mukhale ndi kope lolembamo chitsulo chilichonse: chachokera pa lole iti, wagula ndani, tsiku liti.

MALIRE ACHIWIRI: MUSANAME. Buku la Miyambo mutu 11 limayamba ndi kutiuza kuti Mulungu amanyansidwa ndi sikelo yachinyengo. Ife a ku Phalombe sikelo yonyenga timaidziwa, taliranso nayo pogulitsa nandolo kwa mavenda. Sikelo ya wogulitsa masipeya ndi pakamwa pake. Kutsuka silinda hedi yong'aluka ndi parafini, kuipaka penti, n'kumati "bwana, iyi yangotsika kumene," kumeneko n'kuba. Injini muilize isanatsitsidwe, wogula aone utsi wake. Oyilo akaoneka ngati thobwa, ndiye kuti walowa madzi, muuzeni. Chenjeraninso ndi galimoto zimene zinamira. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, madzi ndi matope zinalowa paliponse, ndipo giyabokosi kapena dif imene inamwa matope imaoneka bwino kunja pomwe mabering'i m'kati adyeka ndi dzimbiri. Nenani zoona, tsitsani mtengo, wogula asankhe yekha. Mupatseni masiku angapo oti akayese, chikakana abweze. Wonama amagulitsa kamodzi. Makaniko onse kuyambira ku Chitakale mpaka ku Jali amadziwana, ndipo mbiri imathamanga kuposa lole.

MALIRE ACHITATU: PALI ZINA ZOSAGULITSA NGAKHALE WOGULA AGWADE. Pa Deuteronomo 22, Mulungu analamula womanga nyumba kuti aike kampanda kuzungulira denga, kuti munthu akagwa mlandu wa magazi usakhale panyumbayo. Mwamva? Mlandu ukugwera womanga, pomwe wogwayo wagwa yekha. Mapaipi a mabuleki ofumbwa, tayirodi yowotcherera, rimu yong'aluka, tayala lotheratu lojambulidwanso mizere ndi mpeni, zimenezi zipite kusikirapu zikagulitsidwe pa kilo. Dalaivala adzakuchondererani kuti angofuna akafike. Kanani. Kumbuyo kwa lole imeneyo mawa kudzakhala amayi a mumpingo, ana kumsana, akuimba popita kumaliro. Mabuleki akakana pamtsetse, ndalama munalandirayo idzakuwotchani moyo wanu wonse.

Ndiwonjezepo malangizo a bambo kwa ana ake. Musayambe ndi mitundu yonse. Imani pamsewu sabata imodzi, muwerenge malole amene akudutsa, muyambe ndi mtundu umene wachuluka. Funsani amakaniko kuti chimafa kawirikawiri n'chiyani. Katapila musamuyandikire, chifukwa chitsulo chimatha kukhala miyezi chisanapeze mwini pomwe chiwongoladzanja sichigona. Mugwirizane polemba kuti aliyense waikamo zingati ndipo mudzagawana bwanji, pakuti ubale wa m'tchalitchi umayesedwa ndalama ikalowa. Oyilo wakuda ndi asidi wa mabatire musathire pansi pafupi ndi mjigo kapena m'ngalande yopita kudambo. Madzi omwewo tikumwa, mpunga womwewo tikudya. Sungani m'migolo.

Ndi inu a mumpingo, ndili nanu mawu. Mabizinesi ambiri a ana a Mulungu sanaphedwe ndi afiti, anaphedwa ndi ngongole za abale. "Tandipatsani kaye sitata, m'bale, ndikupatsani Lamulungu." Lamulungu lafika, munthu akukweza manja kutsogolo, ndalama osaoneka. Lipirani! Ngakhale ine m'busa wanu, galimoto ya mpingo ikafuna chitsulo, ndilipira mtengo womwewo umene alipire wina aliyense.

Timakonda kupempherera zozizwitsa, ndipo Mulungu wathu amachitadi. Koma mafuta odzozera sangamate silinda hedi yong'aluka, ndipo kusala kudya masiku 21 sikungayeretse pampu yakuba. Umboni umene ndikuulakalaka ndi woti dalaivala wosapemphera n'komwe auze mnzake kuti: "Pita kwa anyamata a kutchalitchi aja, akati chili bwino ndiye kuti chili bwinodi." Tsiku limenelo mudzakhala mwalalikira kuposa ine.

Atate, dalitsani manja a achinyamata athu. Apatseni maso ozindikira chitsulo chabwino, ndi mtima wokana ndalama ya magazi. Tetezani madalaivala ndi onse okwera malole m'misewu ya Phalombe. M'dzina la Yesu, Amen!

Ngati mukudziwa makaniko, dalaivala kapena wachinyamata amene akusaka poyambira, mutumizireni uthengawu. Ambuye akudalitseni nonse.