Magetsi ndi Khansa: M'mera Mpoyamba

Ku America ndi ku Ulaya madokotala akuyesa njira yowonongera khansa ya kapamba ndi magetsi. Amalowetsa tisingano towonda mozungulira chotupa. Kenako magetsi amphamvu amadutsa mophanimaphanima, n'kuboola khungu la maselo a khansa mpaka afe. Chotupa sichiwotchedwa, choncho mitsempha ikuluikulu ya magazi yoyandikana nacho imatsala. Makina odziwika pa ntchitoyi ndi NanoKnife. Njirayi ikadali pa kafukufuku, ndipo amaiyesa makamaka pa chotupa chimene sichinafalikire m'thupi. Apa ndiye pagona nkhani: makina amathandiza wofika msanga.

Wina anena kuti zimenezo n'zakunja, sizitikhudza. Zoona, makinawo ndi okwera mtengo. Koma mfundo yake ili pakhomo pathu pano. Chipatala cha Nkhoma chimayeza amayi khomo la chiberekero ndi viniga, ndipo chinatsogolera m'dziko muno kuchiza mabanga oyambitsa khansa ndi kachitsulo kotentha. Pakaoneka banga loyera, namwino amaikapo kachitsulo kotenthetsedwa ndi magetsi kwa kanthawi kochepa, mayi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Wina aopa kuti magetsi amapha. Apa magetsi sadutsa m'thupi ayi, amangotenthetsa kachitsuloko. Koma banga likasanduka khansa yozika mizu, kachitsuloko sikangathandizenso. M'mera mpoyamba. Makina amathandiza wofika msanga.

Inu amayi, pitani mukayezetse musanamve ululu. Inu abambo, aperekezeni, ndipo nanunso mukaona maso achikasu kapena kuwonda kosadziwika bwino, zomwe zingakhale zizindikiro za khansa ya kapamba, musazengereze kupita kuchipatala.