Asilikali a M'thupi Akayamba Kulondera Mdani

Ife amene tinabadwa ma ARV atafika kale m'dziko muno tinakula tikumva mawu akuti "chitetezo cha m'thupi" pafupifupi tsiku lililonse. Tinawamva pa wailesi, m'kalasi ya Biology, ndiponso pa maphunziro a zaumoyo a Sabata masana. Tinaphunzira kuti m'magazi muli asilikali, kuti CD4 ikatsika matenda amalowa ngati m'nyumba yopanda chitseko, ndipo ikakwera munthu amadzuka n'kukagwira khasu. Zimenezi n'zoona. Koma pamwamba pa choonadi chimenechi tamangapo chiphunzitso china chimene dokotala sanatiuze, chakuti matenda alionse, ngakhale khansa, mankhwala ake n'kukweza chitetezo basi. Mwana akapezeka ndi chotupa mu ubongo, pa gulu la mpingo la WhatsApp pamadzaza malangizo a chammwamba, adyo, madzi a karoti ndi mabotolo okwera mtengo a "zokweza chitetezo". Olemba malangizowa ndi anthu achikondi. Komabe malangizo amenewa akhoza kutayitsa moyo wa mwana, ndipo chifukwa chake chili m'zimene akatswiri apeza zokhudza asilikali omwewo.

Ubongo uli ndi alonda akeake. Mitsempha ya magazi ya mu ubongo ndi yothinana kwambiri, kotero kuti tizirombo tambiri, mankhwala ambiri, ngakhalenso asilikali ambiri a m'magazi salowamo mwachisawawa. M'kati mwa mpandawu mumakhala maselo otchedwa microglia, amene wasayansi wa ku Spain, Pío del Río Hortega, anawafotokoza mu 1919. Maselo amenewa amalowa mu ubongo mwana akadali m'mimba, ndipo amakhala momwemo moyo wonse. Amameza tizirombo, amasesa maselo akufa, amathandiza kupoletsa pamene pavulala, ndipo ubongo wa mwana ukamakula amadulira timitsempha tosafunika monga mmene mlimi amaphatira mbewu.

Vuto la chotupa n'lakuti si mlendo. Kachirombo ka malungo kamachokera kunja, ndipo alonda amakazindikira. Chotupa ndi maselo a mwana mwiniwake amene ayamba kuchulukana osaleka. Tikumbuke Abisalomu. Sanabwere ndi gulu la nkhondo lochokera kwa Afilisti. Anali mwana wa mfumu, anaima pa chipata n'kumakopa anthu a bambo ake mpaka anayamba kumutsatira. Chotupa chimachitanso chimodzimodzi. Chimatulutsa timadzi toitana microglia ndi maselo ena a m'magazi otchedwa macrophage. Alondawa akafika amachiona ngati bala lofunika kupoletsa. Amathandiza kumera kwa mitsempha yatsopano yobweretsa chakudya ku chotupacho, amalambula njira yoti chifalikire, ndipo amatontholetsa maselo a T, omwe ndiwo akanachipha.

Izi si nthano. Pa Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, gulu la Dr. David Gutmann lakhala likufufuza chotupa china cha ana chomera pa mtsempha wa diso. Pofufuza pa mbewa, anapeza kuti chotupacho chimadalira microglia ndi maselo a T kuti chikule, ndipo atafooketsa maselo amenewa chinayamba kukula pang'onopang'ono. Taganizani: pamenepo anafooketsa asilikali, osati kuwalimbitsa. Zotupa zina za ana zili ndi njira ina. Chotchedwa DIPG, chomera pa tsinde la ubongo pamene pamayendetsa kupuma ndi kumeza, chimakhala ndi maselo a T ochepa kwambiri, ngati kuti asilikali sanamve n'komwe kuti kwagwa nkhondo. Ana ambiri opezeka nacho satha chaka.

N'chifukwa chake ngakhale mankhwala amphamvu omasula asilikali a m'thupi, amene anapezetsa James Allison ndi Tasuku Honjo mphoto ya Nobel mu 2018, athandiza akuluakulu ambiri odwala khansa ya pakhungu koma sanathandize kwenikweni pa zotupa zambiri za mu ubongo wa ana. Chiyembekezo chimene chilipo chikuchokera ku ntchito yovuta zedi. Pa Stanford University, Dr. Michelle Monje ndi Dr. Crystal Mackall amatenga maselo a T a wodwala, n'kuwasintha mu labotale kuti azindikire chizindikiro chotchedwa GD2 chimene chili pa chotupa cha DIPG, kenaka n'kuwabwezera m'thupi. Mu 2022 anafalitsa zotsatira za odwala anayi oyamba: atatu anapezako bwino kwa kanthawi. Mankhwalawa amatupitsa ubongo moopsa, moti odwala amayang'aniridwa usana ndi usiku. Ngati akatswiri ofika apa akuvutika chonchi kuti aphunzitse msilikali kuzindikira mdani, kapu ya chammwamba ingathe bwanji?

Wina anena kuti tikunyoza uthenga wa zaumoyo umene mpingo wathu unapatsidwa. Ayi ndithu. Mpweya wabwino, dzuwa, madzi, kupuma, chakudya choyenera, kudziletsa, kulimbitsa thupi ndi kukhulupirira Mulungu ndi mphatso zenizeni. Mwana wodya bwino amapirira opaleshoni ndi mankhwala a khansa kuposa wonyentchera, choncho phala la soya ndi ndiwo zamasamba zimene amayi a Dorika amapititsa kuchipatala ndi utumiki weniweni. Koma uthenga wa zaumoyo sunakhalepo mdani wa chipatala. Mpingo womwewu ndi umene unamanga Malamulo. Chipatala chathu cha Loma Linda mu 1990 chinatsegula malo owotchera khansa ndi ma proton m'kati mwa chipatala, njira imene imaononga pang'ono ubongo wabwino wozungulira chotupa. Dr. Ben Carson, amene ambiri a ife tinawerenga mbiri yake tili ku sekondale, anapemphera, koma anagwiranso mpeni wa opaleshoni pa mitu ya ana ku Johns Hopkins. Kusankha pakati pa pemphero ndi dokotala ndi mayeso amene tadzipatsa tokha.

Chimene chimatayika tikamayesa zitsamba ndi nthawi. Bungwe la WHO limati m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30 mwa 100, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kufika mochedwa kuchipatala. Si chotupa chilichonse chimene chili ngati DIPG. Zina zimachotsedwa ndi opaleshoni mwana n'kuchira. Chotchedwa medulloblastoma, chomera cha kunkhongo, chimachizika mwa ana ambiri ngati opaleshoni, kuwotcha ndi mankhwala zachitika pa nthawi yake. Koma chikamakula chimatseka njira ya madzi a mu ubongo, madziwo amadzadza m'mutu, ndipo mwana akhoza kuchita khungu asanaonedwe n'komwe ndi dokotala.

Apa ndi pamene ife ophunzira zauphunzitsi tikulowa. Posachedwapa tidzakhala ndi ana a eni maola ambiri a masana kuposa makolo awo. Mwana amene mutu umamuwawa m'mawa uliwonse mpaka kusanza, koma malungo osapezeka. Amene wayamba kudzandira kapena kugwa pa bwalo. Amene diso layamba kuyang'ana kumbali kapena akuona zinthu ziwiriziwiri. Amene zolemba zake zasokonekera mwadzidzidzi, akungogona m'kalasi, kapena wayamba kugwa khunyu: mwana wotere si waulesi, ndipo tisathamangire kunena kuti walodzedwa. Nthawi zambiri chidzakhala china osati chotupa, koma wonena zimenezo akhale wachipatala. Tiitane makolo, tiwalembere zimene taona ndi masiku ake, ndipo ngati zizindikiro sizikutha apemphe kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli madokotala a khansa ya ana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa akulu a mpingo ndi atsogoleri a zaumoyo pempho lathu ndi limodzi: guwa ndi magulu athu a WhatsApp asakhale msika wa mabotolo olonjeza kuchiza khansa. Banja likabwera ndi nkhani yotere, tipemphere nalo, tidzoze wodwala ngati apempha, kenaka tisonkhe ndalama ya basi, tisinthane kudikirira kuchipatala, ndipo tisamalire ana otsala kunyumba. Ndalama imene ikanagula botolo ikhoza kufikitsa mwana kwa dokotala sabata yomweyo.