Nsomba ya m'Disembala ndi Mbewu

Mvula ikagwa yamphamvu, madzi n'kusefukira m'madambo, milamba imatuluka m'maiwe momwe inabisala chilimwe chonse n'kuyamba kukwera m'maudzu usiku. Aliyense amene anakulira kuno akudziwa chimene chimatsatira: anyamata ndi zikwanje, amayi ndi madengu, miono yotchera paliponse pamene madzi apanikizana. Ine ndemwe ndinakula ndikuchita zimenezi. Tikatumbula mlamba wa nyengo imeneyi tinkapeza mimba yodzaza ndi mazira, ndipo tinkakondwa poti mazirawo ndi okoma. Sitinkaganizako kuti m'chiwaya chathu tikukazinga nsomba za chaka chamawa.

Boma la Zambia limatseka usodzi chaka chilichonse kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, motsatira lamulo la za nsomba la 2011. Ambiri mwa ife timaliona lamuloli ngati la asodzi a ku Kafue, ku Bangweulu ndi ku Mweru, anthu a mabwato ndi makoka. Ine ndikuti cholinga chake chikutikhudza ife alimi kwambiri, pakuti nsomba zambiri siziswana pakati pa mtsinje waukulu. Zimakwera m'timitsinje ndi m'madambo. Lutembwe, Msandile ndi Lupande, madzi ake onse amakathera mu Luangwa, ndipo chimene tichita kumtunda kuno chimakamveka kuchigwa.

Dandaulo la anthu ndilo lakuti chiletsochi chimadza pa miyezi ya njala, ndipo n'zoona. M'Januwale nkhokwe zapepuka, ndalama yapita ku feteleza ndi ku sukulu, ndiwo ndi masamba okhaokha. Munthu akakuuzani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, musamuseke, ana ake akufuna chakudya lero. Komabe mlimi yemweyo, ngakhale njala itavuta chotani, salola kuti mbewu ya mtedza imene anasunga m'chikwatu ikazingidwe. Amaidziwa kuti si chakudya. Mlamba wa mazira ndi chimodzimodzi, kungoti chikwatu chake ndi cha mudzi wonse, ndiye aliyense amaganiza kuti akapanda kutapa iye atapa mnzake.

Nzeru yopumitsa mtsinje sinayambire kuno. Ku Scotland kuli nsomba yotchedwa salmon, imene imakulira m'nyanja yamchere koma imabwerera ku mtsinje umene inabadwira kukaikira mazira m'timiyala, nyengo yozizira ikamayamba. Pa nthawi imeneyo mitsinje imatsekedwa, ndipo wina wotchedwa Tay umatsegulidwa pa 15 Januwale ndi mwambo wachisangalalo. Ku England nsomba ya grayling imaswana nyengo ina, choncho m'mitsinje siiwedzedwa kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni. Masiku ndi osiyana chifukwa amatsata nsombayo, monga ifenso timatsata mvula pobzala.

Koma chitsanzo chotiyandikira chili kutsidya kwa malire. Mtsinje wa Bua umayambira ku Mchinji, pafupi ndi ife pomwe, n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. M'menemo mumakwera mpasa, nsomba imene khalidwe lake likufanana ndi la salmon: imakhala m'nyanja, koma mazira imakaikira mumtsinje, pa timiyala toyera pomwe madzi akuyenda. Lero mpasa ili m'gulu la nsomba zimene zili pangozi yakutha, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa momwe ikuswanabe, makamaka m'chigawo chodutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Inzake ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zazikulu za malonda m'nyanjayo, inasowa pafupifupi kotheratu. Inkagwidwa pamene yasonkhana pa matsiriro a mitsinje, ili pa ulendo wokaswana.

Pa nkhani ya mpasa pali mbali imene ikuloza khasu lathu. Nsombayi sikutha ndi maukonde okha. Tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tikadula mikuyu ndi bango, tikapanga mizere yotsetsereka ndi phiri, nthaka imakokoloka n'kukwirira timiyala tija, mazira n'kufa ndi matope. Mlimi amene sanagwirepo mbedza chibadwire angathe kupha nsomba zochuluka kuposa msodzi. Ndipo nthaka yokwirira mazirayo ndi yomweyo imene munda wake ukuisowa.

Palinso ombwe. Chitsamba chimenechi chinalimbikitsidwa kuno kum'mawa ndi akatswiri a ku Msekera kuti chibwezeretse chonde m'minda yoguga, ndipo ntchito imeneyo chimaigwira bwino. Tsoka lake n'lakuti masamba ake osinja akathiridwa m'dziwe amapha nsomba zonse, zazikulu ndi ana omwe. Masikito amene tinalandira kuti atitchinjirize ku malungo nawonso akaloŵa m'madzi satsalira kanthu. Izi n'zoletsedwa mwezi uliwonse, osati pa miyezi itatu yokhayi.

Nanga tidye chiyani m'Januwale? Apa ndi pamene inu amene mwaphunzira ulimi muli ndi yankho limene anzanu alibe. Nsomba zoweta siziletsedwa. Wofuna kuzigulitsa pa nthawi ya chiletso amangofunika kalata ya a dipatimenti ya za nsomba yosonyeza kuti zachokera m'dziwe lake, ndipo miyezi imeneyi nsomba zaziŵisi zimasowa pamsika. Dziwe la mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, poika ana a nsomba atatu pa sikweya mita iliyonse, limasunga nsomba 600. Manyowa a nkhuku amabiriwitsa madzi, gaga amawonjezera chakudya, ndipo mtundu wa chifuwa chofiira uja umadya ngakhale masamba a mbatata ndi a chinangwa.

Chachikulu ndi kuŵerenga miyezi. Nsomba zimenezi zimakula pang'onopang'ono m'chisanu cha Juni ndi Julayi, ndipo zimafuna miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi ya madzi ofunda. Woziika m'dziwe m'Ogasiti adzayamba kuvuula zazikuluzikulu m'Januwale n'kumaliza m'Febuluwale. Sindikunena kuti aliyense akumbe dziwe. Limafuna dothi lamakande ndi madzi osauma m'Okutobala, ndipo ndaonapo maiwe okumbidwa pa mchenga amene anangosanduka maenje ogweramo mbuzi. Musanagwire fosholo, kayendereni dambo lanu pa nthawi imene dzuŵa lafika poipa. Ngati kasupe akutulukabe mwezi umenewo, itanani mlangizi adzayese malowo.