Alendo abwere, koma voti tiilonde tokha

Achinyamata anzathu pa Facebook akufuula kuti a EU, AU ndi SADC abwere kudzayang'anira masankho, poopa kuti mavoti angabedwe. Tili nawo pamodzi. Abwere, ndipo afike msanga, kulembetsa ovota kusanathe.

Koma tisaiwale za ku Malawi mu 2019. Alendo analipo, komabe mapepala a zotsatira anapakidwa Tipp-Ex. Masankho a pulezidenti anathetsedwa ndi khoti pa 3 February 2020, Amalawi eniake ataguba m'misewu ndi kupereka umboni.

Mlendo amaona masiteshoni ochepa, kenako wakwera ndeke. Ife titsala m'makomboni muno. Tilembetse msanga kukhala mamonita ovomerezeka ndi ECZ, tikhalepo powerenga mavoti, ndipo tijambule zotsatira zikangomatidwa pakhomo.