Ndemanga: Tiudziwe Mtengo Tisanaubzale

Mlimi wa chimanga akagula mbewu yachinyengo amalira chaka chimodzi, chaka chinacho n'kuyambanso. Koma mlimi wa makadamiya akagula mbande yolakwika amadikira zaka 4 kapena 5 kuti mtengo uyambe kubereka, ndipo apo m'pamene amazindikira kuti anapusitsidwa. Manyowa, madzi, mphamvu ndi malo zonse zapita kale. N'chifukwa chake ife tikuti nkhani yotsimikizira mitundu ya mbande si ya asayansi okha ayi, ndi nkhani ya m'thumba mwa mlimi.

Vuto ndi lakuti mbande zikakhala pa nazale zimafanana kwambiri. Ngakhale mlangizi wodziwa ntchito sangalumbire poyang'ana masamba okha kuti iyi ndi 660 ndipo iyo ndi 800. Timangokhulupirira kachikwangwani kamene wogulitsa wamangirira. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Koma njira yodziwira zoona ilipo. Mtengo uliwonse uli ndi chibadwa chake chimene asayansi amachitcha DNA. Iwo amatenga tsamba, n'kuyeza malo angapo odziwika a DNA imeneyi, ndipo zotsatira zake zimakhala ngati chidindo cha chala. Poti mitengo yomezanitsa ya mtundu umodzi imachokera ku mtengo umodzi woyambirira, chidindo chake chiyenera kukhala chimodzimodzi. Chikasiyana, ndiye kuti dzina ndi labodza. Zidindo zomwezo zimaonetsanso mitundu imene ili pachibale ndi imene ili kutali.

Alimi a mtedza wa pecan ku United States akhala akupindula ndi njirayi. Unduna wa zaulimi wa dzikolo umasunga mitundu yambiri ya mtengowu ku Texas, ndipo akatswiri amagwiritsa ntchito zidindo za DNA potsimikizira maina ndi makolo a mitundu. Iwo anaphunzira movutikira kuipa kodalira mitundu yochepa. Mtundu wa Stuart unabzalidwa paliponse chifukwa unkapirira nthenda ya chiwawu imene imadetsa masamba ndi zipatso, koma patapita zaka nthendayo inasintha n'kuyamba kuugwira. Mtengo wa zaka 30 suzulidwa ngati fodya.

Phunziroli likutikhudza mwachindunji. Makadamiya kwawo ndi ku Australia, koma anafika ku Hawaii m'zaka za m'ma 1880, ndipo kumeneko ndi kumene anasankha mitundu ya manambala monga 246, 660 ndi 800 imene inafalikira m'maiko ambiri, kuphatikizapo kuno kwathu. M'chaka cha 2019 akatswiri a ku Australia atayeza DNA yochokera ku chikazi, anapeza kuti mitundu ya ku Hawaii imachokera ku kagulu kochepa kwambiri ka mitengo ya m'nkhalango pafupi ndi Gympie, m'chigawo cha Queensland, mwinanso ku mtengo umodzi wokha. Tanthauzo lake n'loti minda yambiri ya ku Thyolo, Mulanje, Neno ndi Ntchisi, ngakhale ili ndi manambala osiyanasiyana, ikhoza kukhala ana a mayi mmodzi. Nthenda kapena chilala chimene chingagonjetse mmodzi chikhoza kugonjetsa abale ake ambiri.

Palinso nkhani ya zokolola za chaka ndi chaka. Makadamiya amabereka bwino akalandira ufa wa maluwa wochokera ku mtundu wina. Mlimi amene analipira mitundu iwiri koma anapatsidwa umodzi wokhala ndi maina awiri akutaya makilogalamu nyengo iliyonse osadziwa chifukwa chake.

Ena anena kuti kuyeza kotere n'kodula ndipo dziko lathu lili ndi mavuto ena. Ife sitikupempha kuti mbande iliyonse iyezedwe. Mbande masauzande zimamezanitsidwa ndi timitengo todulidwa ku mitengo yochepa ya makolo. Mukatsimikizira makolowo kamodzi, mwateteza alimi onse ogula pa nazaleyo. Ndalama zake sizingafanane ndi zimene banja limataya posamalira mtengo wolakwika kwa zaka 5.

Choncho tikupempha Unduna wa Zaulimi kuti, kudzera ku malo a kafukufuku a Bvumbwe mogwirizana ndi aphunzitsi a ku Bunda, uyeze mitengo ya makolo imene anazale amadulako, ndi kulemba kaundula amene mlimi aliyense angathe kumuona. Tikupemphanso kuti nazale iliyonse yogulitsa mbande izipereka lisiti lolembapo mtundu wa mtengo ndi kumene timitengo tomezanitsira tinachokera. Chachitatu, akatswiri athu ayese mitundu ina ya chibadwa chosiyana m'madera ozizira ndi otentha omwe, kuti tisaike chuma chonse pa banja limodzi la mitengo.

Nafenso alimi tili ndi mbali yathu. Tigule mbande kudzera m'makalabu ndi m'makopaletivi, osati kwa ongodutsa pamsika. Tilembe m'kabuku mzere uliwonse ndi mtundu wake tsiku lobzala. Tifunse wogulitsa kuti ationetse mtengo wa makolo. Safunsa anadya phula. Mtengo umene tikubzala dzinja lino adzakolola ndi ana athu, ndipo ali ndi ufulu wodziwa chimene tawasiyira.