Mmisiri wa ku Krefeld ndi khosi la kavalo

Dzina lakuti Hermès lero limamveka m'masitolo a anthu achuma, kumene kachikwama kamodzi ka mayi kamagulidwa pa ndalama zoti n'kudzazira khola la ng'ombe. Koma mwini dzinalo ntchito yake sinali ya zikwama. Anali mlendo m'dziko la eni, mmisiri wosoka malamba ndi zingwe zachikopa zimene akavalo amavala pokoka ngolo, ndipo mbiri yake ikuyenera kumveka kwa aliyense amene amalima kapena kututa katundu ndi ziweto.

Thierry Hermès anabadwa m'chaka cha 1801 mumzinda wa Krefeld, kufupi ndi mtsinje wa Rhine, m'dziko limene lero timalitcha Germany. Mzindawo unali wa amisiri oomba nsalu za silika, koma bambo ake anali ndi nyumba yogona alendo, ndipo alendo a masiku amenewo ankafika pa akavalo. Pamene iye ankabadwa n'kuti deralo lili m'manja mwa France. Napoleon atagonja mu 1815, deralo linaperekedwa kwa ufumu wa Prussia, motero mnyamatayo anasintha dziko asanasunthe phazi. Ife a m'chigawo chino, kumene malire anadutsa pakati pa mudzi ndi dimba lake, zotere sitizidabwa.

M'zaka za m'ma 1820 iye anasamukira ku Pont-Audemer, katauni kakang'ono ka ku Normandy, kumpoto kwa France. Kusankha kwakeko kunali kwanzeru. Katauniko kali pa mtsinje wa Risle, ngalande zamadzi zili ponseponse, ndipo kanatchuka ndi ntchito yofufuta zikopa. Chikopa chankhuli chinkanyikidwa m'madzi a laimu kuti ubweya uchoke, kenaka chinkayalidwa m'maenje pamodzi ndi makungwa osinja a mtengo wa oak, n'kukhala momwemo chaka chathunthu kapena kupitirira. Chikatuluka chinali cholimba, chosaola msanga, chopirira thukuta ndi mvula. Wosoka amene waphunzirira ntchito pafupi ndi maenje otere amadziwa kuti mbali ya kumsana ndiyo yoyenera malamba okokera, pamene ya kumimba imatamuka ndipo siyodalirika. Nzeru imeneyi imalowa kudzera m'zala.

Chovala chovuta kuposa zonse chinali cha m'khosi. Ng'ombe imakoka ndi goli chifukwa khosi lake ndi lalifupi ndi lolimba, ndipo zathu za kuno zilinso ndi linunda potsamira golilo. Kavalo, bulu ndi nyulu zinalengedwa mwina. Mphamvu zawo zili m'mapewa ndi pachifuwa, ndipo chinthu chikazipanikiza pakhosi zimabanika. Choncho amisiri ankasoka chinthu chonga nkhata yaikulu yachikopa, yodzazidwa ndi mapesi a mbewu ya rye, yozungulira khosi koma yotsamira pamapewa. Nkhatayo ikakula imasewera n'kunyula khungu. Ikachepa imatsamwitsa. Mmisiri weniweni ankayamba wayeza kavaloyo, osati mwini wake, popeza akavalo awiri a msinkhu umodzi sakhala ndi mapewa ofanana, ndiponso kavalo yemweyo amaonda m'nyengo ya ntchito n'kunenepa akapuma. Chilonda cha paphewa chinkatanthauza sabata zingapo chiweto chili m'khola ngolo ili chiimire.

Apa nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji. M'misewu yambiri ya ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia mudzakumana ndi abulu awiri atamangidwa pagoli la ng'ombe, zikeyi zikuwatikita khosi, mtengo wa ngolo utawalemera pamwamba. Zilonda zimene timaziona pa abulu amenewa sizichokera ku ulesi wa bulu kapena nkhanza za mwana woyendetsa ngoloyo. Chida ndicho cholakwika. Bulu amafuna lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, pamwamba pang'ono pa mfundo za mapewa koma pansi pa kholingo, ndi kachishalo kofewa kumsana kosenza kulemera kwa ngolo popanda kugunda fupa la msana. Chikopa chikasowa, lona wokhuthala kapena lamba wakale wa chigayo amagwira ntchito, bola mbali yokhudza khungu ikhale yosalala. Choopsa ndi waya ndi mabawuti zimene ambiri amalumikizira malamba oduka. Mfundo imodzi ya waya imatha kuboola chifuwa cha bulu pa ulendo umodzi wa kumsika.

N'chifukwa chake msoko wa amisiri aja ndi woyenera kuudziwa. Amatenga ulusi umodzi wopaka phula, singano kuno singano uko. Amapana zikopa ziwirizo pa chopanira chamtengo chogwidwa ndi mawondo, amaboola kabowo kamodzi ndi chitsulo chosongoka, kenaka singano zonse ziwiri zimadutsa m'kabowo komweko, ina kuchokera kumanja ina kumanzere, n'kukoka mwamphamvu. Motero ulusi uliwonse umayenda mbali zonse ziwiri mosinthana. Ukaduka pamalo amodzi, winawo umagwirabe. Makina osokera, amene anafala kuyambira m'zaka za m'ma 1850, amakola ulusi wapamwamba ndi wapansi pakati pa chikopa, ndipo umodzi ukaduka msoko umayamba kumasuka. Pa malaya zimenezi ndi manyazi chabe, koma pa lamba wa akavalo amene akutsetsereka phiri ndi ngolo yodzaza anthu ndi nkhani ya moyo. Phula nalo lili ndi ntchito yake: limatseka kabowo kuti madzi asaoletse ulusi. Wosoka nsapato wa pamsika uliwonse angathe kuphunzira msoko umenewu tsiku limodzi.

Hermès sanali yekha paulendo wotere. M'zaka za m'ma 1800 anthu mamiliyoni angapo anachoka m'mayiko a Chijeremani, ambiri kupita ku America, ndipo pakati pawo panali amisiri a zikopa amene anatsegula timashopu m'matauni a alimi. Moyo wa shopu yotere unkayenda ndi nyengo ya kumunda. Ntchito yambiri inali yokonza zoduka, makamaka kulima kukayandikira. Mlimi ankatenga katundu pangongole n'kulipira akakolola, choncho chaka cha chilala chinkagwetsa mmisiri pamodzi ndi mlimi. Pofuna kudziteteza, mwini shopu ankagulitsanso zikwapu, mafuta opaka malamba, mabulangete a akavalo ndi masutikesi.

Hermès anatsata njira ina. Mu 1837 anatsegula shopu yake ku Paris, mumsewu wa Basse-du-Rempart, n'kumasokera opanga ngolo za anthu apamwamba. Pa chionetsero chachikulu cha mayiko onse chimene chinachitikira ku Paris mu 1867 ntchito ya shopuyo inalandira mendulo. Iye anamwalira mu 1878, ndipo mu 1880 mwana wake Charles-Émile anasamutsira shopuyo pa nambala 24 mumsewu wa Faubourg Saint-Honoré.

Chiyeso chenicheni chinagwera adzukulu. Mu 1908 kampani ya Ford inatulutsa galimoto ya Model T, yotsika mtengo moti mlimi ankatha kuifikira, ndipo pambuyo pake mathirakitala analowa m'minda. Mashopu a malamba m'matauni aang'ono anatsekedwa ambirimbiri. Eni ake ena anatembenukira ku nsapato, ena ku mipando ndi madenga a galimoto, ena anangopachika zida. Ku Paris abale awiri, Adolphe ndi Émile-Maurice, amene ankayendetsa shopuyo pa dzina lakuti Hermès Frères, anaona tsogolo mosiyana. Adolphe anaona kuti nthawi ya kavalo yatha ndipo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha anasiyira mng'ono wake gawo lake. Kunena zoona, sanalakwe pa za kavaloyo. Émile-Maurice anavomereza kuti kavalo akupita, koma anaona kuti chuma cha shopuyo chinali m'manja mwa osoka, ndipo manjawo akanatha kusoka china. Pa nthawi ya nkhondoyo anali atapita ku North America, kumene anaona zipi, chinthu chachilendo ku France, ndipo anapeza chilolezo choti azigwiritsa ntchito yekha m'dzikomo kwa kanthawi. Anayamba kusoka zikwama za apaulendo a pagalimoto, mu 1922 zikwama za amayi, ndipo mu 1937, shopuyo itakwanitsa zaka 100, anayamba mipango ya silika.

Ine sindichita chidwi ndi mitengo ya katundu wa kampaniyo lero, imene ndi ya anthu osowa chochita ndi ndalama. Chondichititsa chidwi n'chakuti zikwamazo zimasokedwabe ndi singano ziwiri ndi ulusi wa phula, msoko womwe uja wa lamba wa ngolo. Chizindikiro cha kampaniyo ndi kavalo womangidwa pangolo, mnyamata womusamala ataima patsogolo pake, ndipo pa nambala 24 paja padakali amisiri osoka zishalo, amene amayamba atuma munthu kukayeza msana wa kavalo asanadule chikopa.