Nkhokwe ya testing ndi labu, si kalasi

Chaka chatha, kutatsala masiku awiri kuti a Fomu 4 alembe mayeso oyeserera, laputopu yanga inandikana. Ndikayiyatsa, sikirini inkangoti bii. Mafunso onse a fizikisi anali momwemo. Wolakwa sanali wina ayi, ndinali ine ndemwe. Usiku wake ndinali nditatsegula nkhokwe ya mapulogalamu amene akuyesedwa kumene, kungofuna kukhala woyamba kuona zatsopano.

Tiyambe ndi kumvetsa mmene zimayendera. Pa Linux, mapulogalamu sitimatola paliponse pa intaneti. Amabwera m'maphukusi kuchokera ku nkhokwe zodziwika, ndipo pali pulogalamu imene ntchito yake ndi kutenga maphukusiwo, kuwaika ndi kuwasintha akatuluka atsopano. Imeneyi ndi package manager. Pa Ubuntu ndi Debian pali apt, pa Arch Linux imene ndimagwiritsa ntchito ineyo pali pacman.

Kusiyana kwina ndi uku. Ubuntu imatuluka yatsopano kawiri pachaka, mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo pakati pa nthawizi zinthu zikuluzikulu sizisintha. Arch, imene Judd Vinet anaiyambitsa mu 2002, ilibe zimenezo. Mukaika kamodzi basi, maphukusi atsopano amangobwera tsiku ndi tsiku ngati madzi a mumtsinje. Ndiye amati rolling release. Koma maphukusi ofunika kwambiri asanafike kwa aliyense m'nkhokwe za core ndi extra, amayamba akhala mu core-testing ndi extra-testing kuti anthu odzipereka awayese. Nkhokwe ziwirizi zimabwera zotseka. Kuti muzitsegule mumangosintha mizere ingapo mu fayilo ya /etc/pacman.conf. N'zosavuta, ndipo vuto lake lagona pomwepo.

Maganizo anga ndi awa: musatsegule testing pa kompyuta imene mumadalira pa sukulu. Si kuti zatsopano n'zoipa, koma phukusi limene lili mu testing ndi funso limene silinayankhidwe. Mukalitenga, mwavomera kuti kompyuta yanu ikhale chida choyesera. Walira mvula walira matope.

Taganizirani zimene timachita mu labu. Tikamafufuza lamulo la Ohm, timasintha voltage yokha, waya ndi yemweyo, kenako tilemba current. Mukasintha zonse nthawi imodzi, zotsatira zikasokonekera mudziwa bwanji chimene chalakwitsa? Update imodzi pa Arch ingasinthe maphukusi ambirimbiri pakamodzi, ndipo maphukusiwa amadalirana ngati zida za mu circuit imodzi. Zanga zija zinali choncho. Ndinatsegula core-testing yokha, extra-testing n'kuisiya, pamene malangizo a Arch amati ziwirizi zizitsegulidwa limodzi. Ndinalandira kernel yatsopano, koma driver ya sikirini inatsala yakale, yopangidwira kernel ina. Sizinamvane.

N'chifukwa chakenso a Arch amaletsa kusintha maphukusi mwatheka. Lamulo loyenera ndi pacman -Syu, limene limasintha zonse limodzi. Mukalemba pacman -Sy kenako n'kuika pulogalamu imodzi yokha, mutha kukoka library yatsopano pamene mapulogalamu ena akufunabe yakale. Ndipo pacman yeniyeniyo nayonso ndi phukusi. Pamene pacman 7.0 inafika mu 2024, a Arch analengeza kuti amene ali ndi nkhokwe zawozawo pa kompyuta akonze zina pamanja. Amene sanawerenge chilengezocho anangodabwa zinthu zikukana.

Mwina wina anena kuti, "Koma aphunzitsi, aliyense akathawa testing, adzayesa ndani?" Funso labwino, ndipo ndikuvomereza. Mu Marichi 2024, katswiri wina dzina lake Andres Freund ankagwiritsa ntchito Debian Sid, nthambi ya Debian imene zatsopano zimafikira. Anaona kuti kulowa pa kompyuta kudzera pa SSH kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Theka la sekondi lokha! Ambirife tikanangoti netiweki yavuta. Iye anayeza, anafufuza, mpaka anapeza kuti munthu wina anabisa khomo lachinsinsi mu pulogalamu ya xz, mu 5.6.0 ndi 5.6.1. Maphukusi oipawo anali atafika kale mu Debian Sid, Fedora Rawhide ndi openSUSE Tumbleweed, koma anali asanafike mu Debian yokhazikika.

Nkhaniyi ikutiphunzitsa ziwiri. Amene ali kutsogolo ndi amene amayamba kuponda minga. Komanso woyesa weniweni ndi amene amayeza, kulemba zimene waona ndi kuuza opanga pulogalamuyo. Ngati mwatsegula testing koma zikavuta simukauza aliyense, simukuthandiza sayansi ayi, mukungodziika pa ngozi yaulere.

Ndiye ngati mtima ukufunadi, yesani ngati wasayansi. Ikani Arch mu virtual machine, kapena pa kompyuta yakale imene ikafa simulira. Mafayilo anu a sukulu akhale ndi kope pa fulashi. Musanapange update, werengani nkhani zatsopano pa tsamba la archlinux.org, ndipo onetsetsani kuti batire ndi yodzaza, chifukwa magetsi akathima kernel ili mkati moikidwa, kompyuta itha kukana kuyaka. Ikaninso linux-lts ngati kernel yachiwiri yothawirako. Musathamangire kufufuta zimene zili mu /var/cache/pacman/pkg, chifukwa maphukusi akale amasungidwa mmenemo, ndipo pacman -U imatha kukubwezerani limene linkagwira ntchito. Kumbukiraninso bandulo yanu, poti rolling release imadya data kwambiri.

Ine chinandipulumutsa ndi cache yomweyo. Ndinayatsa laputopu ndi fulashi ya Arch, ndinabwezera kernel yakale, ndinatseka testing, ndipo mafunso ndinasindikiza m'mawa ndili ndi tulo m'maso. Panopa testing ndimaiyesabe, koma mu virtual machine, Loweruka, ndili ndi kabuku kolembamo pambali. Laputopu ya mayeso sindiikhudza mpaka teremu itatha.